Mjigo ukaima, nzeru za alendo zimakhala zatsala kwa yani?

Ku Angónia ndi ku Tsangano, maboma a m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mijigo yambiri ndi ya mtundu wa pampu wotchedwa Afridev, yomweyo yomwe ili kutsidya kwa malire ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pampuyi inachokera ku ntchito ya m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu m'zaka za m'ma 1980, komwe akatswiri akunja ndi a ku Malawi ankafuna mjigo woti mudzi uzikonza wokha. N'chifukwa chake sipanala imodzi ndi chida chovuulira zimakwanira: mumasula chivundikiro, kuzula ndodo imodziimodzi, mapaipi osawakhudza, n'kusintha timalabala totseka madzi pansi pa mjigo, totchedwa U-seal, bobini ndi O-ring. Zimenezi pamodzi ndi mabeyaringi apulasitiki a pachogwirira zimafuna kusinthidwa chaka ndi chaka. Mukazengereza, chogwirira chimayamba kugwedera, chitsulo n'kumadya chinzake.

Ku Malawi komiti ya mjigo imaphunzitsidwa m'Chichewa, ndipo ikalephera pali mekaniki wa m'dera amene amayendera mijigo ingapo panjinga. Si kuti zonse zili bwino kumeneko: ndalama zosonkha zimasowa, ophunzitsidwa amasamuka. Koma amene wagwira sipanala amakhala wamva yekha zomwe zinanenedwa.

Kuno ku Tete nzeru zimadutsa m'kamwa mwambiri. Katswiri wakunja alankhula Chingerezi, tekiniko wa kuboma amasulira m'Chipwitikizi, wina n'kutembenuzira m'Chinyanja. Pofika kwa amayi a m'komiti, mfundo yoti madzi akamachedwa kutuluka m'mawa vuto lili pa valavu ya pansi imakhala itagwera m'njira. Kabuku kotsalira nako ndi ka Chipwitikizi. Chodabwitsa n'choti mekaniki wa ku Lizulu, pamalire mbali ya Malawi, angawafotokozere bwino m'tsiku limodzi, popanda womasulira.

Zambia inatenga njira ina. Kumeneko kwachuluka pampu ya India Mark II, yomwe pokonza silinda, gawo lapansi lokoka madzi, mumazula mapaipi onse achitsulo ndi zida zolemera, ntchito yoposa komiti. Choncho pulojekiti yosamalira mijigo ya kumidzi yotchedwa SOMAP, mothandizidwa ndi JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza chitukuko, inalimbikira amisiri a m'dera ndi mashopu a zipangizo m'maboma. Pa pampu anasankha yovuta, koma pa mashopu anaganiza bwino, poti labala wotchipa akamapezeka ku mzinda wa Tete kokha, maphunziro a komiti ya ku boma la Macanga, kuno ku Mozambique, amangokhala m'mutu.

Wophunzitsa asanachoke, a komiti amasule mjigo wonse ndi kuubwezeretsa okha kawiri, iye manja ali kumbuyo.