Nyali za LED zatithobwa m'maso

Abale inu amene mukuika mababu a LED m'magalimoto akalekale, tinakulakwirani chiyani? Peugeot 504 yotsokomola utsi, koma nyali zake ngati za pabwalo la mpira la Rufaro ku Harare! Usiku pa Seke Road ku Harare komweko munthu suona dzenje, suona woyenda pansi, ngakhale kombi yoima pakati pa msewu. Ukamuphethirira mwini galimotoyo kuti achepetse, iye amawonjezera, kani anali asanayambe n'komwe. Chigoba cha nyali zimenezi anachipangira babu lakale lija la halogen, ndiye LED imangomwaza kuwala m'mitengo ndi m'maso mwa anzako. Kukazikonza kuti ziloze pansi? Ayi, ndalama zinathera pa mababu. Ati "tsopano ndikuona bwino." Zikomo achimwene, inu mukuonadi. Enafe tikuyendetsa mongoganizira.