Penti mwapaka, nanga mabuleki?

Ana anga a muno mu Zomba amene mwayamba kufukula magalimoto akale kuseri kwa nyumba za agogo anu, khalani pansi ndikutsineni khutu. Ndakhala chete nthawi yaitali poopa kuti muziti madala awa yawakwera nsanje, koma zimene ndinaona Loweruka lapitali pamsewu wotsika kuphiri zandichotsa manyazi.

Ndinkachokera ku damu la Mulunguzi cha m'ma 4 koloko madzulo, ndikutsetsereka pang'onopang'ono ndi Beetle yanga ya 1972. Pakona ina yopindika ngati chigongono ndinapeza Peugeot 404 ya pikiapu italowetsa mphuno m'khoma la dothi la mbali ya phiri. Penti yake yobiriwira inali waliwali, marimu atsopano, kuseri kwa mpando masipika awiri akuluakulu akulirabe. Kumatayala kunkafuka utsi wonunkha ngati mphika wopserera. Pamsewu panali mitolo itatu ya nkhuni ili mbwee, eni ake amayi atatu atakhala m'ngalande momwe anadumphira, mmodzi atagwira bondo, akulephera ngakhale kutukwana. Tsidya lina la msewuwo ndi phompho.

Mwini galimoto, mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga wotsiriza, anandithamangira. "Madala, mabuleki angothawa okha." Ndinamufunsa kuti amatsika ndi giya yanji. "Ndinaika fili madala, mafutawa akudula." Nanga brake fluid, mafuta a mabuleki aja, anasintha liti? Anangoti kukamwa yasa. Titatsegula boneti tinapeza m'kabotolo muli zinthu zakuda bii, ngati tiyi wogonera masiku atatu.

Mabuleki sathawa okha, ana inu. Amathamangitsidwa.

Magalimoto ambiri akalewa ali ndi mabuleki a dilamu. Mukaponda pedulo, mashuzi awiri amakankhidwira kukhoma la m'kati mwa dilamu, ndipo liwiro lonse la galimoto limasanduka kutentha. Pamsewu wa flati ngati wa ku Jali kutenthako kumapeza mpata wotuluka. Koma mukatsika kuchokera ku Ku Chawe phazi lili pabuleki kona ndi kona, dilamu imapsa n'kufutukuka, kuthawa mashuzi, mashuziwo nawo n'kuyamba kuterera. Ilo ndi vuto loyamba. Lachiwiri ndi loipa koposa chifukwa silichenjeza. Brake fluid amamwa chinyezi cha mumpweya chaka ndi chaka, ngakhale galimoto itangoima m'galaja, ndipo chinyezi kuno kwathu sitichita kugula, nkhungu imatsika phiri mpaka m'makonde mwathu. Fluid wa mtundu wa DOT 4 watsopano amawira pa madigiri 230. Yemweyo akamwa timadzi pang'ono amawira cha pa 155. Akawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika ngati siponji: mumaponda pedulo n'kungomva yafika pansi, galimoto ikupitabe. Onjezani pamenepo kuti magalimoto ambiri opangidwa zisanafike zaka zakumapeto kwa m'ma 1960 ali ndi mzere umodzi wokha wa mabuleki. Kapaipi kamodzi kakaboola, matayala onse anayi amasowa buleki nthawi imodzi. N'chifukwa chake fluid amasinthidwa zaka ziwiri zilizonse, kaya galimoto yayenda kaya sinayende, ndipo mapaipi a labala amene ayamba ming'alu sitikambirana nawo.

Ife amene tinayendetsako nthawi imene kuphiri kunali msewu wokwerera pawokha ndi wotsikira pawokha tinaphunzitsidwa lamulo limodzi tisanagwire n'komwe chiwongolero: giya imene wakwerera phiri ndi imene utsikire. Wakwera ndi 2, tsika ndi 2. Injini ilire, igwire galimoto, buleki uzingoigusa pofika pakona n'kuisiya ipume. Mafuta amene mukuti mukupulumutsa poika fili sangadzaze botolo la Fanta. Ndiye moyo wa amayi atatu osenza nkhuni, wa ana ogulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu, wa abambo otsika ndi njinga zolemedwa ndi matabwa, mwauika pa mtengo wa botolo limodzi losadzaza?

Sindikudana ndi zoti mukonde magalimotowa. Mtima wanga umakhala m'malo ndikaona Peugeot 504 kapena Datsun 120Y ikudutsa pa Chinamwali ikuyenda ndi mphamvu yake, osati pa ngolo ya ogula zitsulo zakutha. Chimene chikundinyansa ndi ndondomeko ya matumba anu. Ndalama yoyamba kwa wopenta. Yachiwiri marimu. Yachitatu wailesi ndi timagetsi tabuluu tapansi. Kenako chithunzi pa Facebook, anzanu n'kumakuimbirani m'manja. Pansi pa galimoto simunagonepo ndi tsiku limodzi lomwe. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo musandionetse pepala la COF ngati yankho. Pepala limanena za tsiku limene galimoto inayesedwa, silitsika nanu phiri.

Kuti musati ndikudziyesa mngelo, imvani zanga. M'chaka cha 1996 ndinayenda milungu iwiri ndikumva kafungo ka petulo m'galimoto. Mayi a kunyumba anadandaula kangapo, ine n'kumati Beetle iliyonse imanunkha choncho. Tsiku lina tikupita ku Blantyre, titangodutsa pa Thondwe, wa minibasi wa kumbuyo kwathu anayamba kuliza hutala ngati wapenga. Poyang'ana pagalasi ndinaona utsi wakuda. Injini ya Beetle ili kumbuyo, choncho moto ukayamba mwini wake ndiye amakhala womaliza kudziwa. Anatipulumutsa ndi anthu a pamsika amene anathamanga ndi mchenga m'mabeseni ndi chiguduli chonyowa. Titazimitsa ndinapeza kapaipi ka petulo kochoka papampu kupita ku kabuleta kataumiratu, kosweka ngati chinangwa chouma, kakudonthezera pa distributor pomwe pamathetheka moto. Kapaipi ka mtengo wochepa kuposa nkhuku. Mawaya onse a kumbuyo ndinasintha, galimoto inakhala pansi miyezi inayi, ndipo mayi aja mpaka lero nkhaniyi amaikamba pamaso pa alendo.

Dziwani kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe kuyambira 1982. Magalimoto atsopano alibe naye vuto, koma labala wakale amauma naye n'kusweka, ndipo galimoto ikakhalitsa osayenda ethanol amakoka madzi, thanki n'kuchita dzimbiri m'kati. Gulani paipi yopangidwira petulo wotere, yolembedwa pambali pake, osati iliyonse yakuda imene mwaipeza pa benchi mumsika. Mbali zonse ziwiri mangani ndi makilipu, osati waya wa m'tayala. Kasefa ka petulo ka pulasitiki kaja musakalendeweretse pamwamba pa injini yotentha. Ndipo inu a Beetle, batire yanu ili pansi pa mpando wakumbuyo. Ikakhala yosavundikira, munthu wonenepa akakhala pamenepo masipuling'i a mpando amakhudza mitu ya batire, moto n'kuyambira pansi pa mlendo wanu. Kachozimitsira moto kakang'ono kazikhala pomwe dzanja lifika muli pampando, osati m'buti pansi pa matumba a chimanga.

Tsopano za kugona pansi pa galimoto, poti ena mwa inu mwayamba ndithu kudzikonzera, ndipo pamenepo ndikuyamikani. Koma ndadutsa ku Matawale ndi ku Chikanda n'kuona miyendo ya munthu ikutuluka pansi pa galimoto imene yakhalira jeke imodzi ndi njerwa zitatu zowotcha. Njerwa siichenjeza, imangophwanyika kamodzi. Jeke ntchito yake ndi kunyamula, osati kusunga, makamaka padothi lathu lofewa la nthawi ya dzinja. Ikani masitandi achitsulo pamalo olimba, kapena zipika zonenepa za bulugamu zodulidwa bwino, tsekerani matayala otsalawo ndi miyala, tayala mwachotsalo mulilowetse pansi, kenako igwedezeni galimotoyo ndi mphamvu musanalowetse mutu. Mukatsegula dilamu musapemerere fumbi lake ndi pakamwa. Mashuzi akale ambiri anali ndi asbestos, ndipo fumbi limenelo likalowa m'mapapo silitulukanso. Pukutani ndi kansanza konyowa. Pomanga, nati yaikulu ya mamilimita 36 ya patayala lakumbuyo la Beetle imafuna mphamvu ya munthu wamkulu pa chitsulo chachitali, ndi pini yake yeniyeni. Ndinaonapo msomali wa mainchesi atatu utapindidwa pamenepo.

Nkhani ya kutchuna injini ndiye imandiseketsa ndi kundikwiyitsa nthawi imodzi. Galimoto ikangotsokomola, aliyense amathamangira sikuludalaiva n'kuyamba kupotokola tizisikuluwu ta kabuleta, poti ndi timene tikuoneka pafupi. Kabuleta amangoinamizira milandu ya ena. Ntchito ili ndi poyambira pake. Mumayamba ndi mavavu, injini itazizira usiku wonse, osati mutangofika kuchokera ku Liwonde. Pa Beetle mpata wake ndi mamilimita 0.15, ndipo umayezedwa ndi feeler gauge, timalezala tija tolembedwa manambala. Kaleza kazidutsa mokhakhala pang'ono, ngati mpeni m'papaya losapsetsa. Mukamanga kwambiri poti simukufuna kumva kaphokoso ka "tiki tiki", vavu imalephera kutsekeka bwino, imapsa, tsiku lina n'kuduka mutu wake kugwera pa pisitoni. Vavu yolira pang'ono ndi yamoyo. Yachete ndiye muiope. Mukatha apo mupite ku mapointi a mu distributor, mpata wa mamilimita 0.4, ndipo mukagwira mapointi timing, nthawi imene moto umathetheka m'mapulagi, imasuntha, choncho muitcherenso. Mapulagi muwaone mtundu wake: ofiirira ngati chikonyo cha fodya wouma ali bwino, akuda a mwaye akuti mafuta achuluka, oyera mbuu akuti injini ikupsa. Zonsezi zikakhala m'malo, pamenepo ndiye mugwire kabuleta, injini ili yotentha, ndipo kawirikawiri mupeza kuti palibenso chogwira. Manambala ndatchulawa ndi a Beetle. A 404, a Cortina, a Land Rover, aliyense ali ndi ake m'buku la galimoto yake. Zimene mwaona pa YouTube mnyamata wa ku America akuchita pa injini ina si zanu. Safunsa anadya phula.

Inu a Morris Minor, Cortina ndi Land Rover zakale za petulo, pali chinanso. Petulo wokhala ndi mtovu anatha kuno kumayambiriro kwa 2006, ndipo mitu ya injini zanu ndi yachitsulo chimene chinkadalira mtovuwo kuteteza pokhalira mavavu. Popanda iwo vavu imadya pokhalira pake pang'onopang'ono, mpata n'kumatsekeka wokha, makamaka mukamathamanga ulendo wautali. Muziyeza mipata pafupipafupi n'kulemba m'kope. Ikamachepa ulendo uliwonse, mutuwo ukufuna kukaikidwa mipando yolimba ya mavavu.

Za kutentha ndinenepo mwachidule. Beetle ilibe madzi, imazizira ndi mphepo ya fani, ndipo faniyo imayenda ndi lamba yemweyo wa jenereta. Getsi lofiira la jenereta likayaka muli pachitunda cha kuphiri, imani pomwepo. Osati pakona yotsatira, pomwepo. Lamba akaduka injini imapsa m'mphindi zochepa. Malata ozungulira injini ndi labala wa m'mphepete mwake musamachotse poti akuti "izipuma bwino". Mukachotsa, fani imakoka mpweya wotentha wa ku ekizozi n'kuubwezera pa injini. Oyilo wake ndi malita awiri ndi theka okha, alibe fyuluta koma kasefa ka waya, ndiye musinthe pa makilomita 5,000 aliwonse osanyinyirika. Ndipo musakwere phiri ndi giya yaikulu injini ikubuula. Fani imazungulira molingana ndi injini, ndiye injini ikamazungulira pang'onopang'ono mphepo yoiziziritsa nayo imachepa.

Matayala: mapanga akuya sakutanthauza kanthu ngati tayalalo lakalamba. Pambali pake pali manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Pa 404 ija ndinawerenga 3109. Tayala la 2009, lopakidwa polishi.

Galimoto ija tinaitsitsa usiku womwewo ndi chingwe, lole ili kumbuyo kuigwira, ife tikuyenda ngati tikuperekeza maliro. Lachiwiri m'mawa mnyamata uja anagogoda pageti panga atanyamula master cylinder, kapampu kamene kamakankha fluid mukaponda buleki, m'jumbo. Tinaitsegulira pakhonde, pa nyuzipepala. M'kati munali matope a dzimbiri, timalabala take tofewa ngati nsima ya dzulo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Madala, ndiye ndimayenda ndi zimenezi kuyambira Disembala?" Ndinamuuza kuti afunse agogo ake, mwina ndi kuyambira nthawi ya Kamuzu.

Masipika aja wagulitsa, wagula timalabala tatsopano, mapaipi ndi mabotolo awiri a fluid. Loweruka likubwerali tikachotsa mpweya m'mabuleki, iye papedulo ine pansi ndi sipanala, kuyambira tayala lakutali ndi master cylinder. Ndamuuza kuti tisanagwire sipanala iliyonse tiyambe takwera kumudzi kwa mayi a bondo aja ndi thumba la ufa, chifukwa sabata yonse ino sanapite kunkhuni, ndipo nkhunizo ndi zimene amadyetsera ana.