Kumene wofufuza za matenda amakhwimira: Malawi pambali pa Zambia, Tanzania ndi Mozambique

Dokotala, namwino kapena katswiri wa mu labotale amene akufuna kulowa ntchito ya kafukufuku wa zachipatala amasowa zinthu zimene digiri yake yoyamba simupatsa. Amasowa munthu wokhwima pa ntchitoyi woti amuyang'anire kwa zaka zingapo, odwala ndi labotale zoti aziphunzirirapo, ndalama zolipirira digiri ya masitazi ndi ya PhD, komanso ntchito yokhazikika yoti adzaigwire akamaliza maphunzirowo. Malawi, Zambia, Tanzania ndi Mozambique ali ndi matenda ofanana, ndipo ndalama zambiri za kafukufuku m'mayiko onsewa zimachokera ku Ulaya ndi ku America, koma dziko lililonse linakonza njira yake yolerera akatswiri. Poziyerekeza njirazi, ine ndimaona kuti Malawi amaphunzitsa bwino pambali pa bedi la wodwala, koma amatsalira pa nkhani ya amene adzamusunge katswiriyo akaphunzira.

Mphamvu ya Malawi inachokera pa kuyandikana kwa wodi, labotale ndi sukulu. College of Medicine itatsegulidwa mu 1991 ku Blantyre, inapeza kafukufuku wa malungo a ana atayamba kale pa chipatala cha Queen Elizabeth, kumene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor ankagwira ntchito kuyambira mu 1986. Kumeneko n'kumene kunachokera muyeso wa Blantyre Coma Score, umene madokotala m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito poona kukula kwa chikomokere cha mwana amene sanayambe kulankhula bwino. Dokotala amaona ngati maso a mwanayo akutsatira nkhope ya mayi ake, amamukanda pamalo opweteka kuti aone ngati abweza dzanja, amamvetsera kulira kwake, kenako amamupatsa mapointi oyambira pa 0 kufika pa 5. Wophunzira amene wachita zimenezi usiku uliwonse pa ana odwala malungo a mu ubongo, n'kumalemba zonse mwa ndondomeko yofanana, waphunzira chiyambi cha kafukufuku wa zachipatala mwa njira imene kalasi singamuphunzitse.

Pamalo omwewo panaoneka mmene zopezeka mu kafukufuku zimafikira kwa wodwala. Makina a MRI atafika pachipatalacho mu 2008, ofufuza anayamba kujambula ubongo wa ana okomoka ndi malungo, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2015 zinasonyeza kuti mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa ana amene anachira, ocheperako kwambiri ndiwo anali ndi kutupa koteroko. Funso limene linayambira pa bedi linapita ku makina, n'kubwerera ku bedi ngati funso latsopano la mmene kutupako kungachepetsedwere. Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, imene inakhazikitsidwa mu 1995 pabwalo la chipatala chomwecho, inakulitsa njira imeneyi, pamene ku Lilongwe UNC Project, ya University of North Carolina ya ku America, inachita chimodzimodzi pambali pa chipatala cha Kamuzu Central. Malo a ku Lilongwe ndi a ku Blantyre anali m'gulu la kafukufuku wa HPTN 052, amene mu 2011 anasonyeza kuti kuyamba msanga mankhwala a ma ARV kumachepetsa ndi 96 peresenti mwayi wopatsira mnzako wa m'banja kachilombo ka HIV. Kafukufuku wa katemera wa taifodi, amene anakhudza ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, anatsegula njira yoti boma liyambe kupereka katemerayu m'dziko lonse mu 2023. Mu ntchito zonsezi munadutsa achinyamata ambiri amene analowa ngati ophunzira ntchito, ena n'kufika pa PhD.

Vuto lake n'lakuti makwerero onsewa aimikidwa pa mapulojekiti. Malipiro a wofufuza wachinyamata amachokera ku ndalama za kafukufuku wina wake, amene amatha pakapita zaka 3 kapena 5, ndipo akatha munthuyo amayamba kusaka kwina. Akalowa ntchito ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, amapeza makalasi odzaza ndi wodi yomudikira, moti nthawi yolemba pempho la ndalama za kafukufuku wakewake imapezeka usiku basi. Kukhala wofufuza mwa njira imeneyi kuli ngati kulima m'munda wobwereka, mmene munthu amakolola bwino ndithu koma sayerekeza kudzalamo mitengo.

Tanzania anayamba ndi chinthu china. Nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa National Institute for Medical Research mu 1979, ndipo bungweli, limene ndi la boma, lili ndi malo ochitira kafukufuku m'madera osiyanasiyana monga Mwanza, Mbeya, Tanga ndi Amani. Tanthauzo lake kwa wachinyamata n'lakuti kufufuza ndi ntchito imene boma limalembera anthu, yokhala ndi magiredi ake, osati chinthu chongowonjezera pa udokotala kapena pa uphunzitsi. Malipiro a boma si ochuluka, ndipo ndalama zoyendetsera kafukufuku weniweniyo zimachokerabe kunja, koma munthu amene pulojekiti yake yatha sachotsedwa ntchito pamene akulemba pempho lina. Mabungwe akunja akabwera amapeza mwini khomo alipo kale. Mwanza Intervention Trials Unit, mwachitsanzo, inakhazikitsidwa mu 2006 mkati mwa bungwe la bomalo mogwirizana ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine, pamalo pamene kafukufuku wa mu 1995 anasonyeza kuti kuchiza bwino matenda opatsirana pogonana kunachepetsa kufala kwa HIV ndi pafupifupi 40 peresenti.

Mbiri ya malo a kafukufuku a ku Ifakara, ku Tanzania komweko, ndi imene Amalawi ayenera kuilingalira mofatsa. Malowa anayamba mu 1956 ngati labotale ya kumudzi ya bungwe la ku Switzerland, koma mu 1996 anasanduka bungwe lolembetsedwa ku Tanzania, ndipo kuyambira mu 2008 amatchedwa Ifakara Health Institute. Kusintha kwa umwini kumeneku kumakhudza maphunziro mwachindunji, chifukwa bungwe limene limalandira lokha ndalama ndi kusunga lokha gawo la zoyendetsera ofesi limatha kusankha amene limuphunzitse ndi zimene aphunzire. Ku Bagamoyo bungweli lili ndi malo oyesera katemera ndi mankhwala pa anthu kwa nthawi yoyamba, kumene mu 2012 anthu odzipereka anabayidwa dala tizilombo ta malungo pansi pa uyang'aniro wa madokotala, ndipo limaphunzitsanso digiri ya masitazi ya kafukufuku wa zaumoyo mogwirizana ndi Nelson Mandela African Institution of Science and Technology. Malawi nayenso wayamba ntchito ya mtundu umenewu ku Blantyre, kumene akuluakulu athanzi amawathira m'mphuno mabakiteriya oyambitsa chibayo, kenako n'kumatsuka m'mphunomo pa masiku oikika kuti aone ngati katemera waletsa mabakiteriyawo kukhazikika. Ntchito yotereyi imaphunzitsa mwambo wokhwima kwambiri, chifukwa mlingo uliwonse, ola lililonse ndi chizindikiro chilichonse chimene wodziperekayo wamva ziyenera kulembedwa mwa njira imene woyendera wochokera kunja angaitsimikize.

Ku yunivesite ya zaumoyo ya Muhimbili, ku Dar es Salaam, aphunzitsi ambiri anapeza PhD kudzera mu thandizo la dziko la Sweden, mwa dongosolo limene munthu amachitira kafukufuku wake kwawo, n'kumapita ku Karolinska kapena ku Uppsala kwa miyezi ingapo kukachita maphunziro ena ndi kukumana ndi womuyang'anira. Ubwino wa dongosololi n'ngwakuti munthu sataya ntchito yake kapena odwala ake. Julie Makani, amene mu 2004 anayamba kutsatira odwala matenda a sickle cell pa chipatala cha Muhimbili n'kudzalandira mphotho ya Royal Society Pfizer mu 2011, ndi chitsanzo cha dokotala amene anamanga ntchito yake ya kafukufuku pa funso la kwawo. Ndipo bungwe loyang'anira mankhwala la Tanzania linali loyamba mu Africa kufika pa gawo lachitatu la muyeso wa WHO wa kukhwima kwa mabungwe otere mu 2018, chinthu chimene makampani oyesa mankhwala atsopano amachiona asanasankhe dziko.

Zambia anaika mtima pa lamulo. National Health Research Act ya mu 2013 inakhazikitsa National Health Research Authority, imene imalembetsa ofufuza, kuvomereza kafukufuku ndi kuyang'anira kutumiza kunja kwa magazi ndi zina zotengedwa m'thupi la munthu. Ofufuza amadandaula za kuchuluka kwa mapepala, ndipo dandaulolo lili ndi maziko, koma lamulo lotere limapatsa wofufuza wa m'dzikolo poimira pokambirana ndi anzake akunja za kumene zoyezedwa zidzayezedwere. Centre for Infectious Disease Research in Zambia, imene inayamba mu 2001 mogwirizana ndi University of Alabama at Birmingham, inasanduka bungwe loima palokha la ku Zambia mu 2011, mofanana ndi mmene Ifakara inachitira. Luso lalikulu la Zambia lili pa kafukufuku wa mmene chithandizo chodziwika kale chingafikire anthu ambiri. Zambart, bungwe la kafukufuku la ku Zambia, inatsogolera mbali ya Zambia ya kafukufuku wa PopART wa kapewedwe ka HIV, amene anachitika m'madera 21 a ku Zambia ndi South Africa pakati pa 2013 ndi 2018, ndipo mu 2015 University of Zambia inali imodzi mwa mayunivesite 7 amene TDR, nthambi ya WHO ya kafukufuku wa matenda a m'madera otentha, inawasankha kuti aziphunzitsa masitazi pa kafukufuku wa mtundu umenewu. Izi sizikutanthauza kuti kafukufuku wa m'wodi kulibe, popeza ku University Teaching Hospital n'kumene Chifumbe Chintu ndi anzake anasonyeza mu 2004 kuti mankhwala otchipa a cotrimoxazole amachepetsa ndi 43 peresenti imfa za ana amene ali ndi HIV.

Mozambique timamuiwala kawirikawiri chifukwa cha Chipwitikizi, koma ku Manhiça kuli dongosolo lolerera akatswiri limene linakonzedwa mwadala kuyambira pachiyambi. Malo a kafukufuku a kumeneko anatsegulidwa mu 1996 mogwirizana ndi dziko la Spain, pasanathe zaka 4 nkhondo yapachiweniweni itatha, pa nthawi imene madokotala a dzikolo anali ochepa kwambiri. Ankatenga achinyamata ongomaliza kumene digiri yoyamba, n'kuwagwiritsa ntchito m'chipatala cha boma la Manhiça ndi mu labotale kwa zaka zingapo, kenako n'kuwatumiza kukachita masitazi ndi PhD, ambiri a iwo ku Barcelona, pa mafunso ochokera ku Manhiça komweko. Kafukufuku wa katemera wa malungo wa RTS,S amene zotsatira zake zinatuluka mu 2004 anachitikira kumeneko, ndipo katemera yemweyu ndi amene Malawi anakhala woyamba kumupereka kwa ana mu April 2019. Mu 2008 malowa anaperekedwa m'manja mwa Fundação Manhiça, ndipo amene akhala akuwatsogolera kuchokera pamenepo, monga Eusébio Macete ndi Francisco Saúte, ndi a ku Mozambique amene anakulira m'dongosolo lomwelo. Chopinga chawo n'chakuti mapempho a ndalama ndi zolemba za sayansi zimafuna Chingerezi, mtolo umene Mmalawi kapena Mzambia saunyamula mofanana.

Chaka cha 2025 chinayesa njira zonsezi nthawi imodzi. Boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri lakunja mu January, ndiponso National Institutes of Health, bungwe la boma la America lopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo, itasintha malamulo ake a ndalama zodutsira m'mayunivesite a ku America kupita ku mabungwe akunja, amene anali pangozi yaikulu ndi ofufuza amene malipiro awo onse ankadalira pulojekiti imodzi yochokera kumeneko. Apa m'pamene kusiyana kwa wofufuza wolembedwa ndi boma ndi wofufuza wa kontrakiti kunaonekera poyera. Malawi ali ndi Public Health Institute of Malawi pansi pa Unduna wa Zaumoyo, koma ntchito yake yaikulu ndi yolondoloza miliri, ndipo siinafike pokhala khomo la ofufuza a zachipatala monga mmene zilili ku Tanzania. Chimene chingathandize msanga, mmene ndikuonera, ndi maudindo ochepa chabe pa yunivesite amene theka la nthawi yake ndi lotetezedwa kuti likhale la kafukufuku, operekedwa kwa zaka zoyamba munthu atamaliza PhD, chifukwa m'zaka zimenezi m'mene ambiri amachoka kupita ku mabungwe othandiza anthu kapena kunja.

Mipata yodutsa malire ilipo, ngakhale kuti achinyamata ambiri amayang'ana ku Liverpool ndi ku America asanayang'ane kwa oyandikana nawo. CARTA, imene ndi mgwirizano wa mayunivesite ndi mabungwe a kafukufuku a mu Africa ndipo imayendetsedwa kuchokera ku Nairobi ndi ku Johannesburg, imaphunzitsa ophunzira a PhD a m'mayiko angapo pamodzi, kuphatikizapo a ku Malawi ndi a ku Ifakara. EDCTP, imene inayamba mu 2003 ngati mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya ndi a mu Africa pa kuyesa mankhwala ndi katemera, imapereka thandizo kwa ofufuza ongoyamba ndi kwa okhwima kale, ndipo inalumikiza Malawi, Zambia ndi Mozambique mu mgwirizano wa TESA wophunzitsa kayendetsedwe ka kuyesa mankhwala ndi katemera. Tanzania ndi Mozambique anayesera limodzi katemera wa HIV mu kafukufuku wa TaMoVac, ngakhale kuti wina amalankhula Chiswahili wina Chipwitikizi. Katswiri wa mu labotale kapena wa masamu owerengera zotsatira amatha kusamukira dziko lina mosavuta, koma dokotala amene akufuna kugwira odwala kumeneko ayenera kuyamba walembetsa ku bungwe loyang'anira madokotala la dzikolo, monga Health Professions Council of Zambia, Medical Council of Tanganyika kapena Ordem dos Médicos de Moçambique, ndipo ndi bwino kuyamba kulembetsako miyezi ingapo maphunzirowo asanayambe.