Mwana akanidwe ntchito chifukwa cha lilime?

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Mwana wa achemwali anga, wobadwira ku Hackney kuno ku London, anakachita intavyu ya ntchito sabata yatha. Digiri ali nayo. Atamukana, wina wa m'katimo anamutsina khutu kuti chamugwetsa ndi kalankhulidwe, akuti amamveka ngati mwana wa mumsewu. Mumsewu muti? Poti amati "dat" pomwe iwo akufuna "that"?

Anthu inu, mwanayu sakuphotchola Chingerezi ayi. Ndicho anayamwira. Achinyamata a m'dera lawo, akuda, azungu, amwenye, amalankhula chomwecho poti anakulira pamodzi ndi ana a mabanja ochokera ku Jamaica, Nigeria ndi Bangladesh. Akatswiri monga Jenny Cheshire ndi Paul Kerswill anachifufuza, chili ndi dzina lake, Multicultural London English. Agogo achizungu a kum'mawa kwa London otchedwa Cockney, amene ambiri anasamukira ku Essex, amameza "h" ponena "house". Ana awa "h" amamutchula bwinobwino, koma ndani anawayamikirapo?

Chimene makutu a mabwanawa amafufuza ndi thumba la bambo ako, khungu lako ndi msinkhu wako basi. Mu 1962 katswiri wa zilankhulo William Labov anazungulira masitolo atatu ku New York, nkumafunsa funso loti ogulitsa ayankhe kuti "fourth floor". Ku Saks, kogula olemera, "r" ankamveka kwambiri. Ku S. Klein, kwa anthu wamba, ankamezedwa. Tsono kuno ku London amene amameza "r" yemweyo ndi a kunyumba yachifumu! Kumutchula uko ndi ulemu, kuno akuti ndi uchimidzi. Ndiye wina andiuze kuti nkhani ndi katchulidwe? Bodza lenileni. Akuyeza kumene wachokera, akuyeza nyumba imene unagona. Ali dere n'kulinga utayenda naye. Mwamumva mphindi zochepa, mwagamula kale kuti alibe nzeru!

Ndipo ife Amalawi tisaloze azungu okha chala. Munthu akasakaniza "l" ndi "r" pa wailesi, pofika madzulo yadzaza pa WhatsApp, tonse kikiki, chikhalirecho m'Chichewa mwathu awiriwa sasiyanitsa tanthauzo. Koma wa kusukulu yolipira madola akangolankhulira m'mphuno ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mpando timamukokera tokha, ngakhale zimene akunenazo zili zopanda mutu. Zimandinyansa.