Asiyeni kaye ana a magalasi amakakawa

Anthu akaona zithunzi za ana omwe akuphunzira kupanga magalasi amakaka kuno ku Zomba funso lawo ndi limodzi, ayamba liti mawindo a tchalitchi? Ine ndikuti dekhani kaye abale anga.

Mukafuna kudziwa ngati mwana akupita patsogolo musayang'ane zomwe waponya pa Facebook, suzumirani mu ndowa ya zidutswa pansi pa tebulo lake. Masabata oyamba ndowa imadzadza msanga chifukwa aliyense amabwera ndi maganizo oti chodulira chija chimacheka galasi ngati mpeni pa chinangwa, pomwe ntchito yake ndi kungolemba mzere basi, kamodzi kokha osabwereza, kenako nkugwira uku ndi uku nkuthyola. Kakamveka kaphokoso ka tsiii ndiye kuti zayenda, zikamakukutika wakanikiza kwambiri. Pano kamtsikana kena ka ku Chinamwali kakudula mizere yokhota, masamba a maluwa enieni, ndowa yake siifika ndi pakati pomwe, ndipo galasi lamakaka ndi lodula, mwana amene wasiya kuliwononga ameneyo wakhoza kale kwa ine.

Chachiwiri ndi powotcherera. Akugwiritsa njira ija ya Tiffany wa ku America, kukulunga m'mphepete mwa chidutswa chilichonse ndi tepi ya kopa nkulumikiza ndi waya wosungunula. Poyamba mizere imatuluka mabampu okhaokha, pena galasi nkusweka ndi kutentha poti munthu waimika chowotcherera malo amodzi, panopa ambiri mzere wawo ukuyenda bwinobwino wosalala (magetsi akakhalapo, nanga titani).

Koma windo la tchalitchi ndi nkhani ina. Limamangidwa ndi timipanda ta mtovu, kumatidwa kuti madzi asalowe, kenako zitsulo zopingasa kuti lisapindike ndi kulemera kwake komwe. Mawindo a tchalitchi chachikulu cha ku Chartres ku France akhala chiyambire zaka za m'ma 1200 ndipo buluu wake uja, wochokera ku chitsulo china chotchedwa cobalt, akuwalabe mpaka lero. Ndiye inu mukufuna mwana wa miyezi ingapo apange windo loti lipirire mvula yotsika m'phiri la Zomba mu Januwale? Likadzadontha mudzayamba ndinu nomwe kumunyoza pa gulu la WhatsApp la mpingo. Apange kaye timagalasi topachika pawindo, zotchingira nyale, mafelemu a kalilole, agulitse kwa alendo okwera phiri apeze ya thiransipoti ndi yogulira galasi lina.

Chimodzi chokha chomwe sindikusangalala nacho, ndimaona ena akudya zitumbuwa pa tebulo lomwelo manja osasamba. Waya wowotchererawu uli ndi mtovu, ndi poizoni wolowa m'thupi pang'onopang'ono ndipo amawononga ubongo makamaka wa ana aang'ono. Aphunzitsi chonde, beseni ndi sopo pakhomo, mawindo atsekulidwe powotcherera, zakudya zizidyeredwa panja.