Chenjezo kwa achinyamata amene mtima wanu wathamangira ku Singapore

Ana anga ndi adzukulu anga, ndakhala chete kwa nthawi yaitali ndikuona mmene mukutumizirana zithunzi za nyumba zosanjikizana za ku Singapore, misewu yosesedwa ngati pabalaza, ndi bwalo la ndege la Changi lokhala ndi mathithi m'kati mwake, ndipo ndamva ena mwa inu mukunena kuti mukangopeza ndalama ya tikiti munyamuka, zina zonse mukazionera komweko. Mawu amenewo oti "tikazionera komweko" ndi amene andichititsa kuti ndilembe. Ine ndinakhala m'dziko limenelo zaka zisanu ndi chimodzi ndikugwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ya zombo, ndipo ndinabwerako ndi mtendere. Komabe ndikukuuzani mosabisa kuti munthu wopita kumeneko ndi chibwana chimene ndikuchiona pakati panu angathe kubwerako ali ndi zipsera za mkwapulo, kapena osabwerako konse.

Zabwino zake sindingazikane. Singapore ndi chilumba chaching'ono, kukula kwake sikuposa boma la Chiradzulu, koma mumakhala anthu pafupifupi 6 miliyoni. Pamene chinapatukana ndi Malaysia pa 9 Ogasiti 1965 chinalibe migodi, ndipo mpaka lero madzi ena akumwa amachokera ku Malaysia. Utsogoleri wa Lee Kuan Yew, nduna yaikulu yoyamba ya Singapore, unamanga dzikolo pa doko, pa malonda ndi pa mwambo wokhwima. Magetsi sazima, sitima za mumzinda sizichedwa, mayi amayenda yekha pakati pa usiku osatembenuka kuona amene akumutsatira, ndipo m'misika ya zakudya zophikaphika munthu amakhuta mpunga ndi nkhuku pa mtengo wofikirika. Chingerezi ndi chimodzi mwa zilankhulo zinayi za boma, choncho Mmalawi wophunzira sasochera. Zonsezi ndinaziona ndi maso anga ndipo ndinazikonda. Koma bata limenelo silinagwe kuchokera kumwamba. Linagulidwa ndi malamulo amene sasekerera munthu, ndipo inu mukusilira batalo pamene makhalidwe amene malamulowo amalanga mwawakumbatira.

Khalidwe limene limandisowetsa tulo kuposa onse ndi lija lonyamulirana katundu. Kwathu kuno munthu akamva kuti mnzake akukwera ndege, amabwera ndi kaphukusi komata bwinobwino, nati mukapatse mlamu wake, ndipo wonyamulayo amachita manyazi kufunsa zimene zili m'katimo, poopa kuoneka wamwano kapena wokayikira abale. Ulemu umenewo ndi wabwino pa basi yopita ku Mzuzu. Pa Changi ndi chingwe cha pakhosi. Lamulo la dzikolo la mankhwala ozunguza bongo, limene linakhazikitsidwa mu 1973, limati munthu wopezeka akulowetsa heroin woposa magalamu 15, cocaine woposa magalamu 30, kapena chamba choposa magalamu 500, chilango chake ndi kunyongedwa. Choopsa kwambiri, chimene ambiri a inu simuchidziwa, n'chakuti lamulolo limatenga kuti chilichonse chopezeka m'chikwama chako ndi chako ndipo umachidziwa. Boma silivutika kutsimikiza kuti unkadziwa. Iwe ndi amene uyenera kukhutiritsa khoti kuti sunkadziwa, ndipo kunena kuti "anangondipatsira" sikukwanira.

Musaganize kuti ndikukuopsezani ndi nthano. Iwuchukwu Amara Tochi anali mnyamata wa ku Nigeria amene anachoka kwawo pofuna mwayi wosewera mpira kunja, monga momwe ambiri a inu mukufunira. Mu Novembala 2004 anagwidwa pa Changi ali ndi timakapisozi zana limodzi tokhala ndi heroin wopitirira magalamu 700. Iye anauza khoti kuti munthu amene anamupatsa katunduyo anamuuza kuti ndi mankhwala azitsamba opita kwa wodwala. Pulezidenti wa dziko lake pa nthawiyo, Olusegun Obasanjo, anapempha kuti amukhululukire, mabungwe a ufulu wa anthu anachonderera, koma pa 26 Januwale 2007 mnyamatayo ananyongedwa m'ndende ya Changi ali ndi zaka 21. Ndikamakumbukira nkhani imeneyi ndimaona nkhope za ana a achemwali anga, chifukwa msinkhu ndi womwewo, chiyembekezo ndi chomwecho, ndipo kusafunsa n'komweko. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. N'zoona kuti kuyambira mu 2013 woweruza angathe kupereka ukaidi wa moyo wonse pamodzi ndi mkwapulo kwa munthu amene anangotumidwa kunyamula, koma kawirikawiri zimenezi zimadalira kuti woimira boma pa milandu atsimikize kuti munthuyo wathandiza kwambiri kusokoneza malonda a mankhwalawo. Kodi moyo wanu mungauike pa chiyembekezo chotere?

Ndipo inu amene mumaseka za chamba, amene mumanyadira kuti cha kwathu n'chotchuka dziko lonse lapansi, mvetserani bwino. Ku Malawi chilango cha imfa chilipo m'mabuku, koma palibe amene wanyongedwa chiyambire 1992, choncho tinazolowera kuganiza kuti chigamulo chotere ndi mawu chabe. Ku Singapore si mawu chabe. Mu Epulo 2023 ananyonga Tangaraju Suppiah, nzika ya dzikolo, pa mlandu wothandizira malonda a chamba cholemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Ngati mwana wa m'nyumba sanamuleke, mlendo amusiyiranji? Ngakhale ndudu imodzi yokha, kapena kupezeka ndi chamba m'mkodzo apolisi akakuyezani, ndi mlandu umene ungathe kukulowetsani m'ndende zaka zambiri. Fodya wamakono wokoka ndi batire uja, amene mukuyenda naye m'matumba masiku ano, nayenso ndi woletsedwa kumeneko kuyambira mu 2018.

Chachiwiri chimene chimandikwiyitsa ndi momwe mukuperekera ndalama kwa madobadoba. Ndamva za mabanja amene agulitsa munda, ena atenga katapila, kuti alipire munthu wa pa WhatsApp amene walonjeza ntchito ya m'nyumba kapena ya zomangamanga ku Singapore. Imvani izi kuchokera kwa munthu amene anadutsa m'maofesi ake. Chilolezo cha ntchito zamanja, chimene amachitcha Work Permit, unduna wa zantchito wa dzikolo umachipereka kwa anthu ochokera m'mayiko osankhidwa okha, monga Malaysia, China, India, Bangladesh, Myanmar ndi Philippines. Ntchito ya m'nyumba nayonso ili ndi mndandanda wake wa mayiko a ku Asia. Pa mindandanda imeneyi palibe Malawi, palibe Zambia, palibe Mozambique. Choncho aliyense wokuuzani kuti akupezerani ntchito yolera ana kapena yonyamula njerwa kumeneko akukunamizani, ndipo mwina akufuna kukudyerani ndalama, mwinanso akufuna kukutengerani kwina kumene simunafune. Kodi zimene zinachitikira atsikana athu amene anatengeredwa ku Oman sizinatiphunzitse kanthu?

Khomo lotseguka kwa ife ndi la anthu a ukatswiri ndi la ophunzira m'sukulu za ukachenjede. Chilolezo cha akatswiri, chotchedwa Employment Pass, chimapemphedwa ndi kampani yolemba ntchito, osati ndi munthu wa pa foni, ndipo kuyambira mu Januwale 2025 malipiro ochepetsetsa oyenereza munthu kuchilandira ndi madola a ku Singapore 5,600 pa mwezi, ndipo amakwera malinga ndi zaka za munthuyo. Ndikudziwa kuti wina wathamangira kale kusintha chiwerengerochi kukhala makwacha ndipo mutu wazungulira. Dikirani. Lendi ya nyumba imadya gawo lalikulu la ndalamazo, moti akatswiri ambiri achilendo amachita lendi chipinda chimodzi m'nyumba ya eni, ndipo eni ena salola kuphika. Galimoto muiiwale, chifukwa chikalata chokha chokulolani kukhala nayo kwa zaka khumi chinapitirira madola 100,000 mu 2023, musanagule n'komwe galimotoyo. Kuti mkazi ndi ana akutsatireni mufunika malipiro osachepera madola 6,000 pa mwezi, ndipo sukulu ndi chipatala mlendo amalipira mtengo wokwera kuposa nzika. Chimene chimatsala chotumiza kumudzi chilipo ndithu, ine ndinamangira nyumba imene ndikukhalamo, koma chimatsala kwa munthu wodziletsa yekha.

Chinthu china chimene muyenera kuchiyeza ndi mtima wofatsa ndi ichi: kumeneko mlendo amakhala pa pepala, ndipo pepalalo lamangiriridwa ku ntchito yake. Ntchito ikatha, chilolezo chimafafanizidwa, ndipo mumatsala ndi nthawi yochepa yopezera ina kapena kulongedza. Apa ndi pamene khalidwe lathu la ku Joni limapha anthu. Tinazolowera kuti masiku akatha pa pasipoti timangolowa m'komboni, n'kumagwira maganyu, wapolisi akatigwira timamugwira m'manja. Singapore ilibe komboni yobisalamo. Kugwira ntchito pa chilolezo cha mlendo wodzacheza ndi mlandu, ndipo wopitirira masiku ake ndi masiku oposa 90 amapita kundende, n'kukwapulidwa zikoti zosachepera zitatu ngati ali mwamuna wosapitirira zaka 50. Musayerekeze mkwapulo umenewu ndi uja wa aphunzitsi a ku pulayimale. Munthu amavulidwa, amamangiriridwa pa chimtengo, dokotala ali pomwepo, ndipo ndodoyo imang'amba khungu n'kusiya zipsera. Mu 1994 mnyamata wa ku America, Michael Fay, anagamulidwa zikoti zisanu ndi chimodzi pa mlandu wowononga katundu wa anthu. Pulezidenti Bill Clinton mwiniwake anamupepesera, ndipo chimene anapindula n'chakuti zikotizo zinatsika kufika pa zinayi. Mwana wa dziko lamphamvu chotero anakwapulidwa. Nanga inu adzakulankhulirani ndani?

Za kugwira wapolisi m'manja ndinene mwachidule. Kandalama kamene kwathu timakatcha ka Fanta, kumeneko ndi mlandu wa ziphuphu umene chilango chake chimafika zaka zisanu m'ndende. Mu Okutobala 2024 khoti linagamula kuti S. Iswaran, amene anali nduna ya zamtengatenga, akakhale kundende miyezi khumi ndi iwiri chifukwa cholandira mphatso zamtengo wapatali ali pa udindo. Dziko lomanga nduna yake silingachite manyazi kumanga inu.

Pali zinanso zazing'ono zimene timazichita osaganiza n'komwe. Kutaya chipepala kapena chotsalira cha ndudu pansi kumalipiritsa madola 300 ulendo woyamba, ndipo wobwereza amavekedwa chovala chowala n'kusesetsedwa poyera. Kudya kapena kumwa m'sitima n'koletsedwa. Ine ndemwe, sabata yanga yoyamba, ndinatsegula botolo la madzi m'sitima chifukwa cha kutentha, ndipo mayi wina wachikulire anangondilozera chikwangwani cha chindapusa cha madola 500. Manyazi amene ndinamva tsikulo anandiphunzitsa kuwerenga chikwangwani chilichonse ndisanakhale pansi. Kumwa mowa pamalo a anthu onse kuyambira 10:30 usiku mpaka 7 koloko m'mawa n'koletsedwa, lamulo limene linabwera pambuyo pa chipolowe cha mu Disembala 2013 cha m'dera la mumzindawo lotchedwa Little India, chimene chinachititsa kuti antchito achilendo oposa 50 abwezedwe kwawo. Ndipo inu okonda zionetsero dziwani kuti mu 2012 madalaivala a mabasi ochokera ku China atanyanyala ntchito podandaula za malipiro ndi malo ogona, ena anamangidwa ndipo 29 anathamangitsidwa m'dzikolo. Madandaulo awo anali omveka, ndipo ine sindinena kuti zonse zimene boma limenelo limachita n'zachilungamo. Chilango chonyonga wonyamula katundu pamene mwini katunduyo ali pa ufulu chimandiwawa mumtima mpaka lero. Koma mlendo sasintha malamulo a eni ndi mkwiyo wake, ndipo ndale za dzikolo, ngakhale pa Facebook, si zanu.

Pomaliza pa zoyeza pali kusungulumwa, kumene palibe chithunzi chimene chimakuonetsa. Anthu akuda kumeneko ndi ochepa kwambiri. Anthu amakulemekeza, koma aliyense ali pa liwiro lake, ndipo pakhoza kutha chaka woyandikana naye nyumba asanakufunse mmene wadzukira. Mayi anga aang'ono anamwalira ine ndili kumeneko, ndipo pamene ndinkafika kumudzi, pambuyo posintha ndege kawiri, manda anali atauma kale. Amene sangathe kupirira zotere asadzinamize.

Mwezi watha mdzukulu wanga wina anapeza malo a sukulu kumeneko, ndipo ndinamulimbikitsa kuti apite, chifukwa kalata yake inachokera ku sukulu yeniyeni ndipo chilolezo chake tinachitsimikiza tokha pa tsamba la boma la dzikolo. Usiku woti anyamuka mawa lake ndinamuuza kuti akhuthule chikwama chonse pa mphasa, ndipo tinapisa m'thumba lililonse pamodzi, mayi ake akuyang'ana. Munali timaphukusi tiwiri timene anthu a mumpingo anabweretsa kuti akapatse abale awo pamene ndege idzaima panjira. Sindinatitsegule ndipo sindinakayikire munthu aliyense. Ndinatinyamula ndekha m'mawa mwake n'kukatibweza kwa eni ake, ndipo mmodzi wa iwo mpaka pano sakundipatsa moni.