Kuchira n'kwaulere, koma wa takisi safunsa zimenezo: Malawi, Zambia ndi Tanzania

Mlamu wanga matenda anamuyamba cha m'ma 1 koloko usiku, mu Epulo, mvula ya Mzuzu ija yosadziwa kukata ili mkati. Amakhala kumunsi kwa Masasa, kumene galimoto imatsika nthawi ya chilimwe yokha. Chikwama chinali chomangamanga kale: zitenje, beseni, pepala lakuda loyala pabedi, lezala, ulusi womangira mchombo, sopo ndi kandulo, zonse zogula ndi ndalama ya mandasi. Chimene sitinakonze ndi ulendo. Ambulansi tinaimbira, anati mafuta mulibe. A kabaza anakana matope. Wa takisi amene anavomera anatchula ndalama imene mlamu amaipeza pa masabata awiri, n'kunenanso kuti timupeze kumsewu. Tinakwera chitunda titamugwirira uku ndi uku. Kuchipatala sanatilipiritse ngakhale tambala, ndipo anachira mwana wamkazi.

Ine ndimapikula katundu ku Kyela, ku Tanzania, ndipo ndili ndi azakhali ku Lundazi, ku Zambia, ndiye chichitikireni zimenezi ndakhala ndikufunsa amayi a kumeneko kuti iwo amatani.

Ndiyambe ndi kudzitama pang'ono. Kuno zipatala za boma ndi zaulere kuyambira sikelo mpaka opaleshoni. Za mishoni, monga Ekwendeni ndi St John's, zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ndipo zimalipiritsa, koma kuyambira 2006 boma limasainirana mgwirizano ndi zipatala zina za CHAM kuti mayi woyembekezera ndi khanda athandizidwe ulere, bilu ipite ku boma. Nzeru imeneyi ndi yabwino, chifukwa safunsa khadi, safunsa ngati uli pa ntchito. Mimba ndiyo chiphaso. Imavuta pokhapokha boma likachedwa kulipira ngongole, chifukwa pamenepo ulere umayamba kutsimphina. Ziwerengero zikuvomereza kuti tayenda: mu 2004 amayi 984 pa ana 100,000 obadwa amoyo ankamwalira, mu 2010 anali 675, ndipo mu kafukufuku wa 2015-16 anatsika kufika 439. Pofika nthawi imeneyo amayi 9 pa 10 ankachirira kuchipatala, azamba ataletsedwa mu 2007 ndiponso mafumu atayamba kulipiritsa mbuzi wochirira pakhomo.

A ku Zambia anachotsa malipiro m'zipatala za kumidzi mu 2006, kenako mu 2018 anakhazikitsa lamulo la inshulansi ya boma ya zaumoyo, yoyendetsedwa ndi bungwe la NHIMA. Wapantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro, bwana wake n'kuikanso 1 peresenti. Mphunzitsi wa ku Chipata zimamukomera. Azakhali anga, olima chimanga ndi mtedza, za khadi sanazitchule n'komwe. Iwo ankangokamba za a SMAG, anthu ongodzipereka a m'mudzi omwe amadziwa mimba iliyonse, amakumbutsa za sikelo, ndipo mwezi ukakwana amaumiriza mayi kukakhala kuchidikiro. Lundazi inali m'gulu la maboma anayi oyamba a pulogalamu yochepetsa imfa za amayi oyembekezera ya Saving Mothers, Giving Life mu 2012. Kunena zoona, zidikiro ifenso tili nazo, makamaka kuchokera nthawi ya a Joyce Banda ndi kampeni ya uchembere wabwino. Koma kuchidikiro umapita ndi ufa wako, nkhuni zako ndi gadiyani wako, ana n'kuwasiya ndi aneba. Mayi wa geni akawerengera zimenezi amati ndidikire kaye kunyumba.

Ku Tanzania n'kumene ndinachita nsanje. Osati chifukwa cha makhadi, ayi. Anakhazikitsa inshulansi ya m'madera, CHF, imene banja la anthu 6 linkalipira mashilingi 30,000 pa chaka, ndipo mu 2023 Pulezidenti Samia Suluhu Hassan anasaina lamulo la inshulansi ya aliyense. Pa pepala mayi woyembekezera salipira, koma mayi amene ndimagula naye mpunga ku Kyela anaseka n'kunditchulira mndandanda wake: magolovesi, thonje, mpira woyala. Ndinangoti kani matendawa ndi amodzi. Chondichititsa nsanje ndi m-mama, njira yawo yothamangitsira mayi woyembekezera kuchipatala. Zinthu zikavuta amaimba 115, nambala yaulere. Ambulansi ikakhala palibe, amatumiza galimoto ya munthu wamba wa m'dera lomwelo, wolembetsedwa kale, ndipo dalaivalayo amalandira ndalama yake pa foni kudzera pa M-Pesa, osati kuchokera m'chikwama cha wodwala. Dalaivala akudziwa kuti alipidwa, ndiye sakambirana mtengo ndi munthu amene akutaya magazi. Kafukufuku wawo anaonetsa imfa za amayi zitatsika kuchoka pa 556 pa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2015-16 kufika 104 mu 2022. Kutsika kotere ena akukukayikira, inenso sindingati zonse ndi za galimoto, koma ngakhale mutadula pakati n'kwakukulube.

Ife tili ndi Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011. Malangizo amapereka abwino, koma malangizo sakwera chitunda cha ku Masasa. Ndikamva anthu akuti Malawi atengere inshulansi ya makhadi ngati anzathu, ndimafunsa kuti wogulitsa tomato ku Mataifa amudula pati? Ndalama ikapezeka, ine ndingati ilipire kaye ngongole ya CHAM pa nthawi yake, igule pepala lakuda ndi ulusi, ndipo iwalembetse a takisi omwe amagona kale pa depoti.

Mlamu ali ndi pakati pena tsopano, pa miyezi isanu. Chikwama sanayambe kumanga, koma nambala ya wa takisi uja anailemba pachikuto cha buku la kusikelo, ndipo Loweruka lililonse amaponya kangachepe m'chitini cha mkaka.